Timer ikangolira, ophunzira anga akumwaza zipolopolo

Mphunzitsi wa ku Luwinga: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kalasi ya anthu 8, onse ali ndi malaisensi a pisitolo, ambiri ndi amabizinesi. Loweruka ndinawapatsa mayeso a nthawi: kusolola mfuti m'holster (chikwama cha mfuti cha m'chiuno), zipolopolo 6 pa mamita 7, masekondi 4. Anthu amene amalasa bwino tsiku lililonse anamwaza pepala lonse. Choopsa n'chakuti bambo wina chala chinafika pa trigger (kachitsulo kamene umakoka kuti mfuti ilire) mfuti ikadali pafupi ndi ntchafu. Ndinaimitsa pomwepo, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Mayesowa ndiwakonze bwanji?

Mdala wopuma usilikali, Chibavi: Mwachita bwino kuimitsa, mwana wanga. Koma mwawasenzetsa katundu wambiri ulendo umodzi. Zimene munawapatsazo ndi Bill Drill, ya akatswiri ampikisano amene amaimaliza pa masekondi 2. Kusolola ndi phunziro palokha, kulasa ndi lina, wotchi ndi linanso. Holster ichokemo kaye. Ayambe mfuti ili m'manja, yoloza pansi kutsogolo, chala chili kunja, kutali ndi trigger.

Mayi wophunzitsa alonda, Katoto: Ndikugwirizana ndi adala. Achimwene, yesani ya 5x5 imene anayambitsa Gila Hayes ku America: zipolopolo 5, mayadi 5, bwalo la mainchesi 5, masekondi 5. Mwa kwathu kuno ndi mamita pafupifupi 4.5, bwalolo masentimita 13, mungojambula ndi sosa wa kapu ya tiyi. Ndimaikonda chifukwa wa mfuti ya revolver yolowa zipolopolo 5 zokha sasalidwa, komanso zipolopolo za 9mm mmene zadulira simungamalize bokosi pa munthu mmodzi.

Mphunzitsi wa ku Luwinga: Zikomo amayi. Nanga wotchiyo ndingoisiya? Ndiyo ikuwasokoneza.

Mdala wopuma usilikali, Chibavi: Ayi, musaisiye. Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wa mpeni amatha kuthamanga mafiti 21, ngati mamita 6 ndi theka, pa sekondi imodzi ndi theka. Wophunzira ayenera kudziwa mmene manja ake amachitira mtima ukamagunda, ndipo adziwire pamaso panu, osati pageti pake usiku. Kungoti nthawiyo isachokere m'mutu mwanu. Aliyense awombere katatu mosathamanga, inu muzilemba masekondi mwakachetechete. Mukaona pamene ambiri akulasa zonse, malire ayambire pamenepo, muzichepetsa pang'onopang'ono.

Mnyamata wothandiza pa range (malo ophunzirira kuwombera), Mchengautuwa: Pepani akuluakulu, ndilowererepo pa za mamalikisi. Mukawerenga nthawi yokha, wothamanga amapambana ngakhale waphonya. Ku IDPA, bungwe la mipikisano yowombera ndi pisitolo, amawonjezera masekondi pa chipolopolo chilichonse chotuluka pakati. Ife tikhoza kutero: kunja kwa bwalo sekondi imodzi, kuphonya pepala ndiye walephera. Chinanso, app ya timer ya pafoni imatola kulira kwa mfuti ya mnzake, choncho aziwombera mmodzimmodzi.

Mayi wophunzitsa alonda, Katoto: Mwanayu wanena zoona. Ine kuphonya pepala sindikhululuka, chifukwa chipolopolo chimenecho ku Chibavi kapena ku Masasa chikalowa m'nyumba ya munthu, makoma ake ndi a njerwa zosawotcha. Ndipo pali chimene mayeso ambiri amaiwala: kusawombera. Ikani mapepala awiri, lina mujambulepo manja opanda kanthu, muzisinthanitsa wophunzira atatembenuka. Timer ikalira ayambe waona, kenako asankhe. Wowombera la manja opanda kanthu abwerere m'kalasi, ngakhale akhale wachangu chotani. Ndawaonapo amuna akuluakulu akukwiya nazo zimenezi, koma sindisintha.

Mdala wopuma usilikali, Chibavi: Kubwezera mfuti m'holster kusakhale pa wotchi mpang'ono pomwe. Ngozi zambiri zodziwombera mwendo zimachitikira pamenepo. Ndiye kuzizira kwa Mzuzu kuno anthu amabwera ndi majekete a zingwe, chingwe chimakola trigger. Muziwayang'ana zovala asanayambe.

Mphunzitsi wa ku Luwinga: Ndamva, ndathokoza nonse. Loweruka likubwerali tiyamba ndi 5x5 mfuti ili m'manja, kenako mapepala awiri aja. Kusolola tiphunzira ndi mfuti yopanda zipolopolo mpaka chala chizolowere kukhala kunja. Bambo aja ndawaimbira kale, avomera kubwera 7 koloko kuti tiyambe awiri, anzawo asanafike. Adala, mungabwere mudzaime kumbuyo kwa mzere? Maso anga okha sakukwanira.

Mdala wopuma usilikali, Chibavi: Ndibwera. Mundisungire zotseka m'makutu, zanga zinang'ambika.