Tikumbukire mwana wathu pa 29 May

Malume: Abale nonse, mwaswera bwanji? Pa 29 May ndi tsiku limene United Nations imakumbukira asilikali osungitsa mtendere. Ndati chaka chino tisangokhala duu, tikumane tikumbukire mwana wathu, msilikali amene anamwalira ali pa ntchito yosungitsa mtendere ku Congo.

Azakhali: Maganizo abwino alamu, koma tiyambe tamva kwa mayi ake.

Mayi ake: Ndavomera alongo. Pempho langa ndi limodzi. Musangoika chithunzi cha yunifomu chija, ndi chomwe chinali pa bokosi. Ikaninso china akuseka, dzino lobenthuka lija likuoneka.

Mng'ono wake: Chilipo amayi, ndichapitsa chachikulu. Ndasonkhanitsanso ma voice note omwe ankatumiza ali ku Beni. Ina akudandaula kuti m'nkhalango mvula siikata, nsapato akuvala zonyowa tsiku lililonse, kenako akuseka kuti tisakuuzeni.

Azakhali: Iiii ayi mwanawe, imeneyo isaseweredwe pagulu. Mukufuna mayi anu akomoke?

Mayi ake: Isiyeni alamu. Ndilira inde, koma mawu ake ndawasowa.

Mlamu: Pepani akuluakulu, nane ndilankhuleko. Mwana wanga wayamba kufunsa kuti adadi anakatani ku Congo. Ine ndimangoti anapita ku ntchito. Wina amufotokozere bwinobwino, ine pakhosi pamatseka.

Malume: Zimenezo ndisiyireni, apongozi. Adziwe kuti Beni ili ku North Kivu, kummawa kwa DRC, kufupi ndi malire a Uganda. Bambo ake anali mu MONUSCO, gulu la United Nations losungitsa mtendere ku Congo, mu nthambi ya Force Intervention Brigade, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013 ili ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Amenewa sankangolondera ayi, analoledwa kutsatira zigawenga komwe zili. Anayamba ndi zigawenga za M23, kenako ADF, gulu lochokera ku Uganda lomwe linkapha anthu m'midzi ya kumeneko. Adziwe kuti kunali ana onga iye amene bambo ake ankawateteza.

Msuweni: Malume, zoonadi, koma ine mtima umandiwawabe. Mnyamata wosafika zaka 30, nkhondo yake mpaka lero sinathe. Tisamuuze mwana ngati zonse zinali bwino.

Malume: Sindimunamiza mphwanga. Akafunsa zimenezo ndimuyankha.

Mlamu: Mendulo ya Dag Hammarskjöld ija, yomwe United Nations imapereka pokumbukira osungitsa mtendere omwe anafera pa ntchito, ndibwera nayo, mwanayu aigwire yekha. Sindinamuonetsepo.

Msuweni: Kuno ku Johannesburg tchuthi sandipatsa, mundiimbire pa video. Zochapitsa zithunzi ndilipira ine.

Mng'ono wake: Nanga mnzawo uja anali nawo tenti imodzi? Amandifunsabe za amayi.

Mayi ake: Muitane. Ndili ndi mafunso omwe pamaliro ndinalephera kufunsa.

Azakhali: Ndiye mumuuziretu, asadzadzidzimuke.

Mng'ono wake: Ndimuimbira madzulo ano akaweruka. Amene ali ndi zithunzi zina aponye pano lisanafike Lamlungu.