Lamulo loletsa kukwatiwitsa ana analipanga ndani, nanga deputado wathu ndi uti?

Nachisale wa ku Ulónguè:

Moni nonse abale anga. Ndithandizeni maganizo chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Kumudzi kwathu cha ku Dómuè, ku Angónia kuno ku Mozambique, kuli mwana wa achemwali anga, zaka 16, ali kalasi ya 8 ndipo mutu wake umagwira bwino ndithu, ndiye kwabwera bambo wina wogula kachewere amene akufuna kumutenga, atsibweni avomera kale mpaka ankhoswe ayamba kuyenderana, akuti boma limalola mtsikana wa zaka 16 kukwatiwa bola makolo avomere, iwo akuti anazimva kalekale ku registo, ofesi ya boma yolembetsa ana obadwa ndi maukwati. Koma ine pa wailesi ndimamva kuti 18 basi. Ndikufuna ndikamapita kumudziko ndikakhale ndi mawu olimba osati zoti "ndinamva". Lamuloli ndi liti kwenikweni, analipanga ndani, linayenda bwanji mpaka kukhala lamulo?

China chomwe chimandiwawa, anzathu a ku Dedza kungodumpha pa Calómuè apa aliyense amamudziwa MP wake, dzina mpaka nyumba, maliro akagwa amapita kukamugogodera. Nanga ife deputado, kapena kuti phungu wa ku nyumba ya malamulo, wa Angónia ndi ndani? Timavota nthawi zonse koma sindikudziwa woti ndingamuuze nkhani ngati iyi.

Mphunzitsi wa ku Furancungo:

Achemwali pepani ndi nkhaniyi. Atsibweni anuwo zomwe akunenazo zinalipodi koma zinatha. Lamulo la banja la 2004, lija la nambala 10/2004, linkati msinkhu wa ukwati ndi zaka 18 koma linasiya kakhomo koti wa zaka 16 atha kukwatiwa makolo akavomera, ndipo anthu ambiri anangogwira kakhomo komweko. Mu 2019 anakatseka. Pali malamulo awiri a chaka chimenecho, la nambala 19/2019 la pa 22 Okutobala loletsa komanso kulanga maukwati a ana, ndi lamulo latsopano la banja la 22/2019. Pano kaya makolo avomere, kaya amfumu adalitse, kaya mwanayo anene yekha kuti ndikufuna, ngati sanakwane 18 ndi mlandu.

Ndipo musaganize kuti akunena ukwati wa ku registo wokha ayi, ngakhale kungomutenga mwana kukakhala naye m'nyumba ngati mkazi, kapena kumutomera kumene, zonsezo zili momo. Munthu wamkulu amene wakwatira mwana ndi zaka 8 mpaka 12 kundende. Achibale omwe amukakamiza nawonso lamulo likuwakhudza, chimodzimodzi amfumu kapena a mpingo omwe amangitsa ukwatiwo. Ndiye atsibweni akuyenera adziwe kuti sakuika pamoto wogula kachewere yekhayo, akudziika okha.

Ine ndimaphunzitsa, ndimaona mmene zimayendera. Mtsikana amayamba kujomba Lolemba ndi Lachisanu, kenako sabata yathunthu, ukafunsa anzake amangoyang'ana pansi, pamapeto umangolemba mzere pa dzina lake m'buku. Kafukufuku wa boma wa 2011 anapeza kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24 m'dziko muno, 48 pa 100 aliwonse anakwatiwa asanakwane 18, ndipo 14 pa 100 asanakwane ngakhale 15. Chiwerengero chimenecho ndi chimodzi mwa zomwe zinakankha a ku Maputo kuti achitepo kanthu.

Wa malamulo ku Tete:

Aphunzitsi ayankha bwino mbali ya lamulolo, ine ndifotokoze mmene limabadwira chifukwa anthu ambiri kwathu kuno amaganiza kuti Pulezidenti amangodzuka n'kulamula. Malamulo amapangidwa ku Assembleia da República ku Maputo, nyumba imodzi yokha ya adeputado 250 omwe amakhala zaka 5. Mwa iwowa 248 amachokera m'zigawo ndipo awiri amaimira anzathu okhala kunja, mmodzi a mu Africa wina a kwina konse. Amakumana kawiri pachaka pa misonkhano yokhazikika, pakatipo imatsala Comissão Permanente kuyang'anira zinthu.

Si aliyense angalowetse ganizo la lamulo m'nyumbamo. Malamulo oyendetsera dziko anatchula asanu: adeputado, mabankada (magulu a adeputado a chipani chimodzi), makomisau a nyumbayo, Pulezidenti, ndi Boma. Inu ndi ine sitingalowetse tokha, mabungwenso ayi, amayenera kupeza mmodzi mwa asanuwa kuti awanyamulire. Ndi mmene zinayendera pa la maukwati a ana lija, mabungwe omwe anasonkhana mu CECAP, mgwirizano wolimbana ndi maukwati a ana, anavutika nalo zaka, akutsamira pa lamulo lachitsanzo la SADC la 2016, mpaka anagwirizana ndi komisau yachitatu yomwe imaona za chikhalidwe cha anthu ndi za jenda.

Ganizo likalowa limapita kaye ku makomisau. Kumeneko ndiye kuli ntchito yeniyeni ngakhale sikuoneka pa kanema wa boma wa TVM, adeputado ochepa amakhala pansi n'kuwerenga ndime ndi ndime, amaitana nduna, oweruza, mabungwe, nthawi zina amayenda m'zigawo kukamva anthu. Komisau yoyamba imaona ngati silikuombana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo ngati likhudza ndalama za boma pamafunikanso kuona kuti ndalamazo zichokera kuti. Kenako limabwera pa bwalo la onse, amayamba avota ngati akugwirizana ndi mutu wake wonse, akatero limakonzedwa ndime imodziimodzi, pomaliza amavota komaliza. Kuti avote pamafunika opitirira theka la adeputado akhalepo, ndipo limadutsa opitirira theka la omwe alipowo akavomera. La maukwati a ana linadutsa mu Julaye 2019 nthawi ya mayi Verónica Macamo ngati mtsogoleri wa nyumbayo, ndipo Frelimo, Renamo ndi MDM onse anavomera limodzi, chinthu chosachitika kawirikawiri.

Likachoka apo limapita kwa Pulezidenti, ali ndi masiku 30 oti asaine. Atha kulitumiza ku Conselho Constitucional, bwalo loona ngati lamulo likugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko, kuti alione kaye, athanso kulibweza ku nyumba ya malamulo atalemba zifukwa zake, koma adeputado akalivomeranso ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu ndiye kuti asaina basi afune asafune. Zobwezazi zinachitikapo, mu 2014 a Guebuza anabweza lamulo lomwe adeputado anadziikira zokoma zambiri anthu atakwiya nalo. Ili la ana anasaina a Nyusi, n'kutuluka mu Boletim da República, gazeti ya boma yosindikizamo malamulo, ndipo tsiku la 22 Okutobala lomwe aphunzitsi atchulalo ndi lomwe linasindikizidwa mmenemo. Lisanatuluke mu Boletim silinakhale lamulo logwira munthu.

Tsopano za deputado wanu. Mayi, palibe deputado wa Angónia mmene alili MP wa ku Dedza. Ku Malawi dera lililonse limasankha munthu mmodzi ndi nkhope yake pa pepala. Kwathu kuno chigawo chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara, ndi dera limodzi lachisankho, inu mumavotera chipani, chipanicho chinapereka kale mndandanda wa mayina, ndiye mipando imagawidwa molingana ndi mavoti kuyambira dzina lapamwamba kutsika. Atha kupezeka wobadwira ku Angónia pa mndandandawo koma amene anamuika pamalo abwino ndi chipani, ndipo malamulo amanena okha kuti deputado amaimira dziko lonse osati dera lomwe anasankhidwira lokha. Akachoka m'chipani n'kulowa china mpando umamuthera. Ndiye mutha kuona nokha kuti khutu lake limapendekera kuti. Ine mbali imeneyi sindikondwa nayo, ngakhale ubwino wake ndi woti zipani zing'onozing'ono zimapezako mipando, mwachitsanzo pa chisankho cha 2024 Frelimo inalengezedwa ndi 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8.

Bambo wa pa Tsangano:

Ine ndili ndi ana aakazi atatu ndipo sindingalole aliyense akwatiwe ali mwana, ndinene kaye zimenezo. Koma inu ophunzira mundimve. Lamulo lalembedwa m'Chipwitikizi, makilomita oposa 1,500 kuchokera kuno, mkangano wake pa wailesi m'Chipwitikizi, ndiye agogo a kumudzi omwe amalankhula Chichewa chokha alimva bwanji? Atsibweni a mayiwa sindikuwaikira kumbuyo koma taonani, lamulo la 2004 linawafika, la 2019 silinawafike mpaka lero, zimenezo ndi zolakwa za iwo okha? Akuti makomisau amayenda m'zigawo kumva anthu, kwathu kuno ine sindinawaonepo, mwina amathera mu holo mumzinda wa Tete ndi anthu a mabungwe omwewo.

Komanso tinene zoona, kholo silimupereka mwana chifukwa chomuda. Feteleza wakwera, kachewere ogula amatchula okha mtengo, sukulu ya sekondale ili kutali mwana akafuna kupitiriza ndiye alipire kanyumba ku vila adziphikira yekha, komwekonso n'kumene ambiri amatengera mimba. Kholo limaona bola apite kwa mwamuna woti timamudziwa. Mukamanga atsibweni ndi bambo ake a mwanayo, ana enawo adya chani? Adeputado akanakhala kuti amagona kumudzi ngakhale mwezi umodzi bwenzi lamuloli analiphatikiza ndi sukulu zapafupi ndi malo ogona atsikana.

Wa malamulo ku Tete:

Bambo zomwe mukunenazo ndi zoona ndipo zina zili kale pa pepala, lamulo la maphunziro la 18/2018 linati sukulu ndi yokakamiza mpaka kalasi ya 9, ndipo chaka chomwecho unduna unachotsa chilamulo cha 2003 chomwe chinkatumiza atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku. Vuto ndi loti nyumba yomweyo imene imavomera malamulowa ndi imene imavomeranso bajeti chaka ndi chaka, ndipo pa bajetipo ndi pomwe sitiwayang'anitsitsa. Koma musati mawu a anthu wamba safika. Mu 2014 akukonza lamulo la milandu munali ndime yochokera nthawi ya atsamunda yoti wogwiririra akamukwatira amene wamugwiririrayo chilango chiimitsidwe, amayi anaguba ku Maputo kupita ku nyumba ya malamulo, ndimeyo sinalowe. Komanso munthu aliyense ali ndi ufulu wolemba dandaulo kupita ku nyumbayo, kuli komisau yake yolandira madandaulo. Anthu a mudzi umodzi mutalemba za sukulu ya sekondale n'kusaina nonse, kalatayo ili ndi khomo lolowera. Musasokoneze ndi Assembleia Provincial ya ku Tete, imeneyo imayang'anira boma la chigawo, malamulo a dziko lonse siipanga.

Mayi Nangozo pa Zóbuè:

Achemwali anga a Nachisale, zonse afotokoza abambowa nzabwino koma mwanayo sangadikire kalata ipite ku Maputo. Ine ndimagwira ntchito ndi amayi a kumpingo ndipo nkhani zotere tazionapo. Musafikire kuopseza ndi ndende pamaso pa anthu, atsibweni akachita manyazi pagulu amauma mutu ndipo mwanayo atha kumuthawitsira tsidya lina usiku, malire athuwa mukuwadziwa mmene alili, kungodutsa munda umodzi uli ku Malawi. Ngakhale kumenekonso sangabisale, ku Malawi anakonza malamulo awo mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana 18, ndipo Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera ku sukulu, mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono omwe ankalekerera.

Yambani ndi mayi ake a mwanayo muli awiri, kukhitchini, mumve mtima wawo chifukwa nthawi zambiri mayi safuna koma amaopa alongo awo. Mwanayonso mumufunse payekha. Mukatero tengani sedula yake kapena pepala lililonse losonyeza tsiku lobadwa mulisunge inu, chifukwa nkhani ikafika patali chinthu choyamba amati mwanayu ndi wamkulu taonani thupi lake. Kenako pitani kwa a dayirekita a sukulu yake ndi kwa amfumu, mafumu ambiri pano akudziwa kuti nawonso lamulo likuwakhudza ndiye safuna dzina lawo limveke pa nkhani yotere. Ankhoswe auzeni mwaulemu kuti akuyenda pa mlandu. Zikakanika apo ndiye ku polisi, kuli ofesi yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, kapena ku Procuradoria ya distirito, ofesi ya oimira boma pa milandu, komanso pali nambala ya 116 ya Linha Fala Criança yomwe mumaimba mwaulere.

Bambo a ku Tsangano funso lanu la chakudya ndalimva ndipo ndi lolemera, koma mwana wa zaka 16 akapita kubanja njala sichoka pakhomo, chaka chamawa amabwerera ali ndi khanda kumsana, ena ndi matenda a fistula chifukwa chiuno chinali chisanakhwime, pamenepo pakamwa podyetsa pawonjezekera.

Nachisale wa ku Ulónguè:

Zikomo nonse, nambala za malamulozo ndazilemba. Mayi Nangozo sedula ili ndi achemwali anga, ndiwaimbira madzulo ano kuti asaipereke kwa aliyense. Mwanayo ngati angavomere ndimutenga adzakhale ndi ine kuno ku vila apitirize sukulu, nsima tidzagawana yomweyo. A malamulo, chonde ngati muli nalo lamulo la 19/2019 pa foni nditumizireni, ndikufuna ndikasindikize pa pepala ndikawapatse aphunzitsi a kumudziko awawerengere atsibweni m'Chichewa. Ndipo za kalata ya sukulu ya sekondale ija mundiuzenso kuti imalembedwa bwanji, bambo a ku Tsangano ngati muli okonzeka tilembe limodzi.