“Mapanga awiri avumbwitsa”: mapanga ake ndi ati?

Mnyamata wa kwaya, Linga:

Akuluakulu, ndithandizeni. Safunsa anadya phula, ndiye ine ndafunsa.

Loweruka la Pasaka lapitali agogo anga aakazi anandiponyera mwambi umene mpaka lero ukundizungulira m'mutu. Ndimayimba kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo Lenti yonse tinkaphunzira nyimbo za Misa ya usiku, ija timayambira panja pa moto, aliyense kandulo m'manja. Nyimbo ziwiri woyambitsa wake ndinali ine. Koma pakati pa sabata ndimakagula nsomba ku Chia n'kudzagulitsa pa boma, ndi momwe timadyera pakhomo. Masana a Lowerukalo mnzanga wa ku Chia anandiimbira kuti chambo chatuluka chambiri, mtengo wagwa. Ine ndinaganiza za mawa lake, anthu akutuluka m'tchalitchi akufuna ndiwo za Pasaka. Ndinawerengera bwinobwino: kupita, kugula, kubwerera, pofika 6 koloko ndili kunyumba ndikusita malaya oyera.

Pobwerera mvula inatipeza pa msewu wa M5, ija ya kunyanja kuno yogwa ngati akuchita kukhuthula. Njinga ya kabaza inazima. Tinaikankha, tinabisala pakhonde la golosale ina, tinaikankhanso. Ndinafika pa Linga usiku kwambiri, madzi akuchucha m'thalauza, ndikumva chapatali anzanga akuyimba Aleluya popanda ine. Chambo nacho chinali chitayamba kufewa chifukwa ayezi anali atasungunuka kalekale. Agogo atatsegula chitseko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kungoti, “Mapanga awiri avumbwitsa, mdzukulu wanga.”

Kuti amandidzudzula ndinamva. Koma mapanga ake ndi ati? Ife kuno tikati phanga timanena chikwanje, ndiye zikwanje ziwiri zingamuvumbwitse bwanji munthu? Mnzanga wina wa m'kwaya akuti mawu ake enieni ndi “avumbulitsa”, kutanthauza kuti wochita ziwiri amaululika. Ndipo chimene chikundivutitsa kwambiri n'chakuti, kodi agogo amatanthauza kuti ndisiye geni ya nsomba kapena ndisiye kwaya? Kuwafunsa ndikuchita manyazi.

Mphunzitsi wopuma, Dwangwa:

Mwana wanga, zikwanjezo zibwezere kumunda. Phanga la m'mwambiwu ndi lija la m'phiri, mphako ya m'thanthwe momwe alenje ndi apaulendo ankabisalamo mvula. Inu a kunyanja simuwaona kawirikawiri, n'chifukwa chake khutu lathamangira ku chikwanje. Mawu ake ndi “avumbwitsa” ndithu. Mvula imavumba, munthu amavumbwa, ndipo chimene chachititsa kuti avumbwe chamuvumbwitsa. Mnzakoyo umuuze kuti kuvumbula ndi nkhani ina.

Akale ankafotokoza chonchi. Munthu ali paulendo, mvula yachita mdima. Waona phanga uku, lina uko. Walowa loyamba, n'kuona ngati likudontha pang'ono. Wathamangira lachiwiri, nalo walipeza lopanikiza, wayamba kukumbuka ubwino wa loyamba lija. Mvula ikamakata iye ali chinyowere, pomwe mnzake amene anapeza phanga limodzi lokha, lodontha lomwelo, watuluka nsalu ili youma. Kwathu ankakonda kuunena kwa bambo wa mitala amene wagona ndi njala, mayi wamkulu akuti wadya kwa wamng'ono, wamng'ono akuti wadya kwa wamkulu.

Wa kabaza, Salima:

Ine za mapanga ndamva. Ndikufunsa za chambocho, chinatha bwanji? Ndipo kabaza musamunene, pulagi ikalowa madzi palibe chimene angachite.

Mayi wa Mvano, Mwansambo:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma tisachite kuzungulira. Mwambi umenewu ife timaumva kwambiri pa nkhani ya chikhulupiriro. Munthu Lachisanu Loyera walira nawo pamtanda, Lamulungu wayimba kuti wauka, Lolemba usiku ali kwa sing'anga kukatenga chithumwa cha bizinesi. Mwana akadwala, m'mawa kwa abusa, madzulo kukawombeza. Mapanga awiri ndi amenewo. Eliya anawafunsa Aisraeli pa phiri la Karimeli kuti adzakayikakayika pakati pa ziwiri mpaka liti, werengani 1 Mafumu 18:21. Ambuye nawo pa Mateyu 6:24 sanabise, Mulungu ndi chuma sungazitumikire pamodzi. Mwana iwe unalonjeza nyimbo ziwiri, anzako anadalira iwe. Chambo chinakuyitana, unavomera. Agogo ako sanalakwitse.

Msodzi, Senga Bay:

Amayi, mawu anu ndi oona koma mwamupanikiza mwanayu. Kugula nsomba si chithumwa. Ndani kuno amene amadya ndi dzanja limodzi? Ine ndimapha usipa, ndimalimanso mpunga, mayi akunyumba amaphika mandasi. Chaka chimene nyanja yauma, munda ndi umene umatisunga. Kodi amenewo muwatcha mapanga awiri?

Panyanja msodzi wodziwa doko limodzi lokha ndi wakufa kale. Uyenera kudziwa madoko onse, pomwe pali miyala, pomwe pali bango, pomwe mafunde amaswekera patali. Koma mwera ukakupeza pakati, umasankha limodzi n'kuloza mutu wa bwato komweko, basi. Amene ndawaona akugubuduzika ndi aja apalasa pang'ono, mtima n'kuwauza kuti doko lina lija ndiye lapafupi, n'kuyamba kutembenuza. Potembenuka pamenepo bwato limakhala chopingasa, funde limamenya m'nthiti, madzi thoo m'kati. Chimapha munthu si madoko awiri ayi, ndi kutembenukako. Ndiye ine ndikuona kuti mnyamatayu geni yake ilibe mlandu. Anangolakwitsa tsiku. Usiku umenewo unali ndi mwini wake kale.

Mphunzitsi wopuma, Dwangwa:

A Senga Bay mwaufotokoza kuposa ine. Mwambiwu sunena kuti phanga lachiwiri ligumulidwe.

Katekisiti, Benga:

Ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna kuwonjezapo mbali imene mwambiwu sufikako. Umathera pa kuvumbwa. Munthu wanyowa, anthu aseka, nkhani yatha. Sutiuza kuti wovumbwayo analowera kuti pambuyo pake, kaya alipo anamuyatsira moto.

Sabata Loyera lililonse ndimaganiza za Petro. Usiku umene Yesu anagwidwa, ambiri mwa ophunzira anathawa, ndipo tinene kuti iwowo anasankha phanga limodzi, la mantha. Petro sanathawe, komanso sanayime pambali pa Mbuye wake. Ankatsatira chapatali, n'kukalowa m'bwalo la mkulu wa ansembe. Yohane 18:18 akuti kunkazizira, antchito ndi asilikali anali atasonkha moto wamakala, Petro n'kuyima nawo kumawotha. Taonani munthu ameneyu: maso ali kwa Yesu, manja ali pa moto wa adani a Yesu. Mtsikana wapakhomo atangomufunsa, anakana. Anakana katatu, tambala n'kulira, iye n'kutuluka kukalira misozi yowawa. Ngati pali munthu amene mapanga awiri anamuvumbwitsa, ndi ameneyu.

Tsopano pitani pa mutu 21, umene ife a m'mphepete mwa nyanja tiyenera kuumva kuposa wina aliyense. Petro wabwerera ku ukonde. Agwira ntchito usiku wonse osapha kanthu, a Senga Bay akudziwa m'mene mtima umakhalira m'mawa wotero. Kukucha, munthu wayima pagombe, akuwauza kuti aponye kudzanja lamanja. Ukonde wadzaza, nsomba zazikuluzikulu 153. Petro atamva kuti ndi Ambuye anadziponya m'nyanja, ndiye pofika pamtunda anali chinyowere, madzi akuchucha ngati mnyamata wathu wa ku Linga. Ndipo anapeza chiyani? Moto wamakala, nsomba ili pamoto, ndi mkate. M'buku lonse la Yohane moto wamakala ukutchulidwa kawiri kokha, pomwe Petro anakanira ndi pomwe anadyetsedwa.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Yesu sanayambe ndi mlandu. Anayamba ndi kadzutsa. Atadya ndiye anamufunsa katatu ngati amamukonda, ndipo funso lachitatu linamupweteka Petro, monganso mwambi wa agogo wakupwetekera iwe. Kenako anamubwezera ntchito, kuweta nkhosa. Ndikamaphunzitsa ana za chisomo ndimayambira pamenepa, chifukwa Aefeso 2:8 ndi yovuta kwa mwana, koma moto ndi nsomba amazimva.

Palinso anthu awiri amene timawaiwala. Yosefe wa ku Arimateya anali wophunzira wamseri chifukwa cha mantha, Nikodemo anabwera kwa Yesu usiku. Onse anali akuluakulu a bwalo la Ayuda, mwendo uku mwendo uku kwa nthawi yaitali. Koma tsiku limene kudziwika kuti ndiwe wa Yesu kunalibe phindu lililonse, iwowa ndi amene anatulukira poyera, Yosefe n'kukapempha mtembo kwa Pilato, n'kuuyika m'manda osemedwa m'thanthwe. Limenelonso ndi phanga, aphunzitsi.

Mayi wa Mvano, Mwansambo:

A katekisiti, chisomo sindikuchikana. Ndikungoopa kuti ana akamva kuti moto ulipo, azichita dala kukavumbwa. Paulo anafunsa yekha pa Aroma 6 ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke, ndipo yankho lake mukulidziwa. Petro uja atawotha moto wachiwiriwo sanabwererenso kukawotha wa asilikali.

Katekisiti, Benga:

Pamenepo tagwirizana, amayi.

Gogo wa Anglican, Nkhotakota boma:

Mdzukulu wanga akundilembera, maso anatha. Ndamva mukukamba ngati wosankha phanga limodzi ndiye kuti sanyowa. M'mwambi zili choncho, koma pa njira ya mtanda sizili choncho ayi. M'tchalitchi cha All Saints pano pali manda a Bishopu Chauncy Maples. Anagwira ntchito zaka zambiri ndi mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA, ku Masasi m'dziko la Tanzania ndi ku Likoma. Mu 1895 anamudzoza ubishopu ku London, ndipo chaka chomwecho, ali paulendo wopita ku Likoma, ngalawa yake inagubuduzika ndi mphepo panyanja yathu yomweyi, iye n'kumira asanafike n'komwe pa mpando wake. Sitima ija imene inayamba kuyenda mu 1901 inatchedwa dzina lake. Munthu ameneyu analibe mapanga awiri, koma madzi anamutenga. Ndiye mwana wa kwayayo asaganize kuti akanapita ku Misa ndiye kuti mvula ikanamulambalala, kapena kuti Mulungu akanamubwezera ndalama za chambo. Mwina akanavumbwa ndithu popita kutchalitchiko, geni n'kumudutsanso. Kusiyana kwake n'kwakuti akanadziwa chimene wavumbwira.

Msodzi, Senga Bay:

Agogo, apa ndavula chipewa.

Mnyamata wa kwaya, Linga:

Zikomo nonse. Aphunzitsi, mnzanga wa “avumbulitsa” uja ndamuwerengera, akuti ayi wagonja koma yakenso imamveka. Amayi a ku Mwansambo, mawu anu andiwawa, koma n'zoona kuti ndinalonjeza. Sindinaganizeko n'komwe zoti nyimbo zanga ziwiri zija anayambitsa ndi mtsikana wa Fomu 2 amene anauzidwa pakhomo la tchalitchi, akunjenjemera.

A katekisiti, mwandikumbutsa chinthu chimene sindinalembe poyamba chifukwa sindinkachiona ngati nkhani. Agogo ponena mwambi uja sanayime pakhomo nthawi yaitali. Anandiponyera chitenje chawo chakale kuti ndivule zonyowazo, n'kukatulutsa mbaula. Makala anali achinyezi, anachita kupemerera ndi chivundikiro cha poto mpaka anayaka. Atatero anakhuthula beseni lija pamkeka, n'kumatenga chambo chimodzichimodzi, kuchinunkhiza, kutsegula makha n'kuyang'ana. Zisanu anataya. Zotsalazo tinazitumbula tonse awiri, kuzipaka mchere, n'kuziwamba pa waya mpaka tambala woyamba. Iwo anali atasala tsiku lonse la Lachisanu, ndipo ku Misa ya usiku sanapite chifukwa cha miyendo, ankadikira ya m'mawa. Ya m'mawayo tinapita limodzi, ine ndikununkha utsi, ndipo ndinakhala kumbuyo kwenikweni.

Dzulo ndalimba mtima n'kuwafunsa kuti phanga loti ndisiye ndi liti. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, “Ukasiya nsomba tidya nyimbo?” Kenako akuti ndikapepese kwa a tcheya a kwaya ndisanadye nsima yawo ina. Ndapita. A tcheya sanandikalipire, koma anena kuti mpaka Pentekoste woyambitsa nyimbo akhala mtsikana uja, ine ndiziyima mzere wakumbuyo ndi a besi, ndipo ndizibwera msanga kudzasesa.

Achimwene a kabaza ku Salima, chambo chowambacho chinagulidwa Lachiwiri, motchipa. Mpamba wabwerako koma osakwana, ndipo agogo akuti thumba la makala ndiwabwezere lathunthu.