Ndine mkulu wa HR koma zisankho zokhudza anthu zimapangidwa ine kulibe, ndithandizeni nzeru

Membala wosatchula dzina:

Moni nonse akuluakulu. Ndabisa dzina chifukwa anzanga ena akuntchito ali pagulu pompano. Ndikupempha nzeru makamaka kwa inu amene mwagwirapo ntchito ya HR, yoona za ogwira ntchito pa kampani, kapena mwayendetsapo kampani.

Ndakhala mu ofesi ya HR zaka 6, ndipo miyezi 8 yapitayi anandikweza kukhala mkulu wa ofesiyo. Tili ndi fakitale, anthu tilipo pafupifupi 240. Pondikweza anandiuza kuti tsopano ndili m'gulu la atsogoleri. Koma Lolemba lililonse bwanamkubwa amakumana ndi mkulu wa zachuma, wa fakitale ndi wa zamalonda, ine ndimangomva zomwe agwirizana msonkhano utatha. Changa ndi kulemba makalata, kukonza makontirakiti ndi kuitana olakwa kuti adzamve chilango.

Chandiwawa kwambiri ndi ichi. Miyezi 3 yapitayo anagwirizana zoyambitsa shifiti ya usiku chifukwa maoda achuluka. Ine ndinauzidwa Lachinayi kuti pofika Lolemba mndandanda ukhale utatuluka. Ndinkadziwa kuti amakaniko alipo 20 okha, ndipo oti n'kukonza makina aakulu paokha ndi 5 basi. Ndinkadziwanso kuti awiri mwa iwo anali atayamba kale kufunsira ntchito kwina. Ndinalemba imelo, sinayankhidwe. Pano amakaniko 7 achoka.

Bambo wina amene wagwira nafe zaka 14 anabwera kudzasiya kiyi ndi chiphaso chake pa tebulo langa. Sanakhale pansi. Anangoti, "Mayi, inu mumadziwa kuti sizitheka, munakhaliranji chete?" Ndinasowa choyankha. Patangopita sabata makina anaima usiku wonse, m'mawa mwake bwanamkubwa anakumana nane pakhonde n'kundifunsa kuti HR ikuchita chiyani kuti anthu azithawa chonchi.

Ndiye ndichite bwanji kuti ndizimveka zinthu zisanaonongeke? Ndikapemphe ndekha kulowa mu msonkhano wa Lolemba, kapena aona ngati ndikudzikweza? Ntchitoyi ndimaikonda, sindikufuna kuisiya.

Mkulu wa HR wopuma pa ntchito:

Mayi, pepani ndi zomwe mukukumana nazo. Ndikufunseni kaye: mu imelo ija munalembamo chiyani?

Wofunsa:

Ndinalemba kuti anthu sakondwa ndi shifiti ya usiku ndipo ena akhoza kuchoka, bambo.

Mkulu wa HR wopuma pa ntchito:

Ndiye pagona nkhani ndi pamenepo. Munanena zoona, koma kwa munthu amene maoda amupanikiza, mawu oti "anthu sakondwa" amangomudutsa. Anthu sakondwa ndi kusintha kulikonse, iye akudziwa kale zimenezo. Mukanalemba kuti oti n'kukonza makina aakulu ndi 5, mashifiti awiri akufuna osachepera 3 pa shifiti, ndipo makina akaima usiku umodzi kampani itaya katundu wochuluka chakuti, bwenzi atakuitanani tsiku lomwelo.

Yambani ndi kuwerengera. Tengani anthu amene achoka m'chaka, gawani ndi chiwerengero cha ogwira ntchito m'chakacho, chulukitsani ndi 100. Tiyerekeze kuti achoka 36 mwa 240, ndiye 15 pa 100 aliwonse, ndipo bwana akhoza kunena kuti si zoopsa. Koma mukawerengera dipatimenti iliyonse payokha, kwa amakaniko ndi 7 mwa 20, kutanthauza 35 pa 100, m'miyezi 3 yokha. Kenako pitani kwa mkulu wa zachuma mukhale naye pansi, muwerengere limodzi mtengo wa kuchoka kwa makaniko mmodzi: kulengeza ntchito, maintavyu, ovataimu ya otsala, miyezi imene watsopano akuphunzira, ndi maola amene makina aima. Muzichita naye limodzi dala, kuti akadzafunsidwa mu msonkhano adzati manambalawo ndi akenso.

Za kupempha mpando musayambe nazo. Pemphani mphindi 10 zokha Lolemba likubwerali kuti mudzaonetse pepala limodzi. Pepalalo likawathandiza, adzakuitananso okha.

Mwini kampani:

Ndiyankhe ngati munthu wa mbali inayo. Ine ndinatha zaka ndisakuitana wa HR ku misonkhano yanga, ndipo sikunali kumuderera. Nthawi zonse akalowa, yankho lake linali lakuti lamulo silikulola, basi nkhani yathera pomwepo. Lamulo ndimalilemekeza, koma kasitomala akudikira katundu wake. Amene ndili naye pano amabwera ndi njira: tikhoza kuyamba shifiti ya usiku ndi makina awiri okha kwa miyezi 2 tikuphunzitsa anthu, kapena kulemba amakaniko apakontirakiti yaifupi, kapena kuwonjezera maola a masana mosapyola malire a lamulo, ndipo amandiuza mtengo ndi kuopsa kwa njira iliyonse. Munthu wotere sindingapange chisankho iye kulibe.

China, onetsetsani kuti malipiro akutuluka pa tsiku lake komanso opanda zolakwika, masiku a tchuthi akuwerengedwa bwino, mafayilo ali m'malo. Zimenezi zikamasokonekera palibe angakumvereni za mapulani a zaka zitatu. Komanso lowani m'fakitalemo. Kodi mukudziwa katundu amene amabweretsa phindu lalikulu pa kampani yanu? Mukudziwa makasitomala atatu akuluakulu? Ngati ayi, yambirani pamenepo.

Wogwira ntchito m'fakitale:

Achemwali, ine ndinena mosapsatira. Ife apansi timaona HR ngati maso ndi makutu a abwana. Ukakadandaula lero, mawa supavaiza wako wamva kale. Malangizo onsewa akukuthandizani kuyandikira abwana, chabwino, koma mukakakhala pa mpandopo mudzatikumbukira? Bambo anasiya kiyi aja sanakufunseni za manambala. Anakufunsani chifukwa chimene munakhalira chete.

Wofunsa:

Achimwene, mawu anuwa andilasa ndipo ndawalandira. Sindinakhale chete kwenikweni, koma imelo imodzi kenako n'kutulutsa mndandanda ngati palibe vuto, kwa iwo ndi chimodzimodzi kukhala chete. Ndikanatha kukagogoda pa chitseko.

Mphunzitsi wa za kayendetsedwe ka ntchito:

Zimene achimwenewa anena ndi zimene akatswiri akhala akulimbana nazo kwa nthawi yaitali. Mu 1997 Dave Ulrich wa ku University of Michigan anagawa ntchito ya HR m'mbali zinayi: kuthandiza atsogoleri kukonza ndi kukwaniritsa mapulani, kuyendetsa kusintha, kugwira mwaluso ntchito za tsiku ndi tsiku monga malipiro ndi mafayilo, ndi kuimirira ogwira ntchito. Ambiri anathamangira mbali yoyambayo chifukwa ndi yaulemerero, n'kutaya yomalizayo. Koma Mayi, taganizani, munadziwa bwanji kuti amakaniko awiri akufunsira ntchito kwina? Chifukwa wina anakukhulupirirani n'kukuuzani. Chimenecho mkulu wa zachuma alibe, wa zamalonda alibe. Anthu akadzasiya kukuuzani zinthu, mudzalowa mu msonkhano uja wopanda chachilendo chonena.

Ndikuchenjezeninso pa yankho limene lidzabwere msanga mu msonkhanomo, lakuti tingowonjezera alawansi ya usiku. Iwonjezedwe ndithu ngati ili yochepa. Koma katswiri wina wa zamaganizo, Frederick Herzberg, anaonetsa kale mu 1959 kuti malipiro, malo ogwirira ntchito ndi khalidwe la woyang'anira zikakhala zoipa zimakhumudwitsa munthu, pomwe kuzikonza kumangochotsa dandaulo. Chimene chimapatsa munthu mtima wa ntchito ndi kuzindikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kuona kuti akukula. Munthu amene wagwira ntchito zaka 14, amene amadziwa makina kuposa aliyense, koma sanafunsidwe ngakhale funso limodzi shifiti isanayambe, si ndalama zokha zimene zamuchotsa.

Ndipo musadzione ngati muli pa ntchito yopanda tsogolo. Mary Barra anatsogolerapo HR ku kampani ya magalimoto ya General Motors asanakhale mkulu wa kampani yonse mu 2014, ndipo Leena Nair anachoka pa udindo wa mkulu wa HR ku Unilever n'kukatsogolera kampani ya Chanel mu 2022. Chofunika kudziwa n'chakuti Barra ndi injiniya amene anayendetsapo fakitale, bizinesiyo ankaidziwa mkati mwake. Zikugwirizana ndi zimene anena a mwini kampani pamwambapa.

Mkulu wa HR wopuma pa ntchito:

Ndiwonjezere chimodzi chofulumira. Mwa akatswiri 5 aja atsala angati? Musadikire kucheza nawo pa tsiku lotsanzika. Pitani sabata ino, mmodzimmodzi, kumalo awo ogwirira ntchito osati mu ofesi yanu, muwafunse chimene chikuwasunga ndi chimene chingawachotse. Kenako lembani maudindo onse amene munthu mmodzi akachoka ntchito ingaime, pambali pake mulembe amene angalowe m'malo ndi miyezi imene akufunika kuti akonzeke. Pamene palibe dzina pasiyeni popanda kanthu, bwana adzaone yekha mipatayo.

Wofunsa:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Atsala 3. Dzulo ndinavala zodzitetezera n'kulowa m'fakitale nthawi yosinthana shifiti, ndinacheza ndi awiri. Mkulu wa zachuma wavomera kuti tikhale pansi Lachisanu, ndipo mphindi 10 zija ndapempha kudzera kwa sekilitale.

Koma kwatuluka china chimene chandisowetsa tulo. Onse awiri, aliyense payekha, anena kuti shifiti ya usiku akanaipirira. Chimene chikuwatopetsa ndi mkulu wa fakitale, amene amawakalipira pamaso pa ana amene iwo akuwaphunzitsa ntchito, ndipo makina akaima amaloza iwo chala pamene zipangizo zimene anapempha miyezi yapitayo sanagule. Mkulu ameneyu adzakhala mu msonkhano womwewo Lolemba, ndipo ndi munthu amene bwanamkubwa amamudalira kwambiri. Anthuwa andipempha kuti ndisawatchule, koma atsala atatu okha, aliyense adzadziwa kuti ndi ndani. Ndikanene pamaso pa onse, ndikaonane kaye ndi mkulu wa fakitaleyo patokha, kapena ndipite kwa bwanamkubwa mwachinsinsi?

Mwini kampani:

Pamaso pa onse ayi, Mayi, adzadziteteza ndipo manambala anu onse adzaiwalika. Lolemba kambani za chiwerengero ndi za zipangizo zosagulidwazo, poti zimenezo zili m'mabuku ndipo sizifuna dzina la munthu. Za khalidwe lake pemphani kuonana ndi bwanamkubwa panokha, ndipo musatsamire pa awiri okhawa. Muli ndi zimene ananena 7 aja potsanzika? Ngati simunalembe, aimbireni foni sabata ino, poti iwo alibenso choopa. Muyambe ndi bambo a kiyi aja.