Ndikupempha mafunso a mpikisano wa pa phwando lathu ku Nkhotakota

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu la banki m'khonde kuno ku Nkhotakota likukonza phwando lotsekera chaka, ndipo andisankha kuti ndikonze mpikisano wa mafunso woti usangalatse agogo, makolo ndi achinyamata omwe.

Mafunso a mbiri ndili nawo kale: chaka chimene Malawi adalandira ufulu wodzilamulira, 1964, chaka chimene likulu lidachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, 1975, komanso dzina la mfumu yogulitsa akapolo imene David Livingstone adakumana nayo pansi pa mtengo kuno kwathu, Jumbe. Vuto ndi lakuti mafunso oterewa amakomera okhawo amene adapita patali ndi sukulu, pamene asodzi a ku Chia, amene amadziwa za mwera ndi nyengo ya usipa kuposa tonsefe, angokhala chete, zomwe sindingakondwere nazo.

Kodi mungandipatseko mafunso okhudza nyanja, mtsinje wa Bua, ulimi wa mpunga kapena mpira, amene yankho lake ndi limodzi losabweretsa mkangano? Nanga nditasakaniza ndi zilapi, mpikisano ungayendebe mwachilungamo?