Kodi madzi amalimbitsa kolajeni kapena amaifooketsa?

Nachisale: Ndikupempha odziwa za mapuloteni kuti andithandize. Mabuku amati kolajeni, puloteni ya m'misempha ndi m'khungu, imalimba chifukwa cha ma hydrogen bond (kukokana kwa maatomu kudzera mwa hydrogen) komanso madzi amene amaizungulira, komatu mang'ina akawira nthawi yaitali, misempha yake imasungunuka n'kusanduka msuzi wonata umene umagwirana ukazizira. Zikutheka bwanji kuti madzi omwewo azilimbitsa, kenako n'kuphwasula?

Mbewe: Mayi Nachisale, chimene chimaphwasula ndi kutentha. Kolajeni ndi zingwe zitatu zopotana, ndipo pa chingwe chilichonse amino asidi (kachidutswa kopangira puloteni) wachitatu aliyense ndi glycine, yemwe chifukwa cha kuchepa kwake amakwana pakati pamene zingwezo zakumana. Gulu la maatomu la N-H (nitrogen ndi hydrogen) la glycine limagwira C=O (carbon ndi oxygen) ya chingwe choyandikana nacho, monga anafotokozera Rich ndi Crick mu 1955 pokonza chithunzi chimene G. N. Ramachandran ndi Kartha anapereka ku Madras, m'dziko la India. Magulu ena otsala alibe mnzawo wogwirana naye mwachindunji, choncho amalumikizana kudzera m'mamolekyu a madzi. Mu 1994, Bella, Brodsky, Berman ndi anzawo anaona madziwo atandandalikana mozungulira zingwezo. Moto ukakula zingwe zimamasuka, madzi n'kulowa m'malo amene zinkagwirana zokhazokha, ndipo chotsatira chake ndi jelatini, msuzi wonata uja.

Nabanda: Bambo Mbewe afotokoza bwino, koma pa nkhani ya madzi ndikufuna tisamale, chifukwa kuona madzi pamalo si umboni wakuti ndiwo agwira nyumbayo. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti hydroxyproline, yomwe ndi amino asidi proline yowonjezeredwa gulu la O-H (oxygen ndi hydrogen), imalimbitsa kolajeni pogwira madzi ndi gulu lake la O-H. Mu 1998, Ronald Raines ndi gulu lake anaika atomu ya fluorine m'malo mwa O-H, podziwa kuti fluorine sagwira madzi kwenikweni, ndipo zingwezo zinalimba koposa: zinamasuka pa madigiri 91 a Celsius, pamene za hydroxyproline zinamasuka pa 69, za proline wamba pa 41. Zikuoneka kuti atomu yokoka ma elekitironi, monga fluorine, imapinda mphete ya proline m'njira yoti chingwe chikhale chokonzekeratu kupotana. Ine umboni umenewu umandikhutiritsa kwambiri, ngakhale kuti anagwiritsa ntchito tizingwe tafupitafupi topangidwa mu labotale. Kufunika kwa hydroxyproline sikukayikitsa konse, pakuti thupi likasowa vitamini C silitha kuipanga mokwanira, ndipo nkhama zimayamba kutuluka magazi.

Mbewe: Ndikuvomereza, mayi, koma madzi tisawachotseretu. Ulusi wa kolajeni ukauma umasintha maonekedwe: mizere yake imene imabwerezeka pa ma nanomita 67 aliwonse (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) imafupika kufika pafupifupi 64, ndipo ulusiwo umakhala wouma gwa, wosachedwa kuthyoka. Chodabwitsa n'chakuti kolajeni youma imapirira kutentha kwambiri kuposa yonyowa, chifukwa zingwe zikapanikizana zimasowa mpata womasukira.

Nachisale: Zikomo nonse. Kodi n'chifukwa chake nsomba za m'nyanja zozizira, zimene zili ndi hydroxyproline yochepa, kolajeni yake imasungunuka msanga?