Bwanji zining'a zina za Chingerezi zimalola kutembenuzidwa, zina ayi?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale ndipo zining'a zandiimitsa mutu. Chining'a cha "spill the beans", kuulula chinsinsi, mutha kuchitembenuza n'kunena kuti "the beans were spilled", tanthauzo osasintha. Koma "kick the bucket", kumwalira, mukangoti "the bucket was kicked", womvera aganiza za ndowa yeniyeni.

Mu 1994 akatswiri a zilankhulo Nunberg, Sag ndi Wasow anafotokoza kuti m'chining'a choyambacho liwu lililonse lili ndi gawo lake, nyembazo zikuimira chinsinsi, pomwe ndowayo siimira kalikonse. Ine zikundimvekera ndithu, koma mwana wa Folomu 3 ndimufotokozere bwanji? Zongoloweza pamtima sizindikhutiritsa, amaiwala mayeso akangotha. Inu amene mwaphunzitsapo zimenezi, mumayambira pati?